Kudya kwa Ataliyana kumene kuli piyano: malangizo a woimba wa pakona

Ntchito yanga ndi ya piyano. Ndinaphunzirira pa kiyibodi ya kutchalitchi kuno ku Chipata, ndipo kwa zaka zingapo ndinkaimba madzulo ku Lusaka, m'lesitilanti ina yophika za Chitaliyana, ndisanabwerere kuno ku Kapata kudzaphunzitsa makwaya. Woimba amamuika pakona. Zala zimakhala pantchito koma maso alibe chochita, ndiye amangoyendayenda m'matebulo. Ndinkaona amene akusangalala, amene akuwerengera ndalama pansi pa tebulo, ndi amene akungocheukira kukhitchini poganiza kuti aiwalidwa. N'chifukwa chake anzanga akaitanidwa ku malo otere, kaya ndi mwana wawo wogwira ntchito ku Lusaka, kaya ndi abwana a kuofesi, kapena iwo eni akufuna kusangalatsa amayi a kunyumba pa tsiku lokumbukira ukwati, amayamba adzera kwathu kudzafunsa.

Choyamba chimene ndimawauza n'chakuti kumeneko ndalama yanu imagula madzulo onse, osati kukhuta kokha. Ife tinazolowera kuti nsima ndi ndiwo zifike limodzi, tisambe m'manja, tidye, nkhani ziyambe mbale zitachoka. Kwa Ataliyana nkhani ndi chakudya zimayendera limodzi. Mbale imodzi imachoka, papite kanthawi, ina ibwere, ndipo mpata wa pakatiwo ndi umene woimba piyano anamulembera ntchito. Maola awiri amatha musanadziwe. Choncho musasunge njala ya tsiku lonse ati kuti ndalama ikagwire ntchito. Cha m'ma 16:00 idyani kanthu, kaya mbatata kaya mtedza wokazinga, kuti mukathe kudikira mtima uli m'malo.

Za ulendo sindichedwapo. Lusaka ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570 mu Great East Road, ndipo basi imakutsitsani msana uli wowawa. Musapite ku chakudya chotere usiku womwe mwafikawo, gonani kaye. Lilongwe ndiye ili pafupi kudzera pa Mwami, bola mapepala odutsira pamalire akhale m'thumba ndipo mukumbuke kuti kwacha ya uko ndi ina. Kulikonse kumene mungapite, kachitidwe kake n'kamodzi.

Tumani foni kukadali tsiku limodzi kapena awiri. Funsani masiku amene woimba amabwera, chifukwa malo ambiri sakhala naye sabata yonse. Lachisanu ndi Loweruka ndiwo masiku athu. Funsaninso nthawi imene amayamba, kenako mupemphe tebulo, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amangoti "paliponse", n'kudzadandaula pambuyo pake. Piyano yaikulu ija yogona, imene timati grand, ili ndi chivindikiro chimene chimatsegukira kudzanja lamanja la woimba, ndipo mawu ambiri amathamangira mbali imeneyo. Tebulo yoyang'anizana ndi chivindikiro chotsegukacho ndi ya anthu amene abwera kudzamvera. Ngati mwatenga apongozi kuti mukambirane nkhani ya banja, kapena agogo amene makutu ayamba kulemera, khalani kuseri kwa chivindikiro kapena patali ndithu. Ofuna kuona zala zikuyenda akhale cha kumbuyo kwa phewa lamanja la woimba. Piyano yoimirira, yotsamira khoma, ilibe tsankho lotere. Kwa iyo ingopewani tebulo yoyandikana nayo kwambiri. Pewaninso tebulo ya pakhomo la kukhitchini, chifukwa pamenepo nyimbo yanu idzakhala ya mbale ndi mapoto.

Zovala musavutike nazo. Malaya ochapa ndi nsapato zopukuta zakwana, ndipo diresi ya chitenge yosokedwa bwino imaposa masuti ambiri amene ndinawaona. M'miyezi ya June ndi July tengani juzi ngati tebulo ili pakhonde.

Menyu ikafika

Mudzapatsidwa menyu yodzaza maina achilendo, koma ili ndi dongosolo limene silisintha. Antipasti ndi tizakudya toyambira. Primi ndi pasita (zakudya za ufa wa tirigu monga makaroni ndi spaghetti), mpunga ndi supu. Secondi ndi nyama kapena nsomba, ndipo kawirikawiri imabwera yokha, popanda chodyera. Contorni ndi masamba kapena mbatata za kachewere zoperekeza nyamayo, ndipo zimalipiridwa padera. Dolci ndi zotsekemera za kumapeto. Palibe lamulo loti mudye zonsezi. Ngakhale Ataliyana enieniwo sadya mndandanda wonse tsiku wamba, amatero pa ukwati kapena pa chakudya cha banja cha Lamlungu. Anthu awiri mukhoza kugawana choyambira chimodzi, aliyense n'kutenga pasita yake, n'kudzagawananso chotsekemera. Umenewo ndi mgonero wathunthu ndipo palibe weita amene angakuyang'aneni moipa.

Safunsa adadya phula. Weita wa ku Lusaka amamva Chinyanja, ndiye musadzizunze ndi Chizungu chimene simuchifuna. Muitaneni ndi maso kapena kukweza dzanja pang'ono. Kuliza zala kapena kuchita "psss" n'chipongwe, ndipo woimba amamva ngakhale ali pakati pa nyimbo. Nenani kuti, "Akulu, tatithandizani, umu muli chiyani?" kapena "Asisi, ichi n'chokwana munthu mmodzi kapena awiri?" Dzina likakukanikani kutchula, lozani ndi chala. Iwo analiphunzira mwa kulimva tsiku ndi tsiku, inu simunabwere kudzalemba mayeso.

Funso limene muyenera kufunsa musanasankhe chilichonse ndi la nkhumba. Kuno ku Chipata tili ndi Asilamu ambiri ndi a Sabata, ndipo khitchini ya Chitaliyana imaika nkhumba m'malo amene simungaganizire. Prosciutto, salami, pancetta ndi guanciale zonsezi ndi nkhumba. Pasita za carbonara ndi amatriciana zimaphikidwa ndi nkhumba. Msuzi wa bolognese umaoneka wa ng'ombe yogaya, koma ophika ambiri amasakanizamo nkhumba ndi vinyo. Osadya nyama yaiwisi adziwe kuti carpaccio ndi ng'ombe yosaphika, yodulidwa mopyapyala, ndipo prosciutto crudo ndi yongoumitsa ndi mchere. Amene mtedza umawadwalitsa afunse za pesto, msuzi wobiriwira uja wa ku Genoa. Kwawo amausinja ndi masamba a basil, adyo, tchizi, mafuta a olivi ndi timbewu ta mtengo wa paini, koma timbewuto n'todula ndipo makhitchini ena a kuno amaikamo mtedza wina m'malo mwake.

Pasita ndiye mtima wa nkhani. Youma ija imapangidwa ndi tirigu wolimba wa durum, ndipo Ataliyana amaiphula isanafeweretu, kuti mukaluma pakati pake pamveke kulimba pang'ono. Amati al dente. Anthu akwathu ambiri amabweza mbale kukhitchini ati yosapsa. Yapsa, ndi mmene amaifunira. Ngati mano kapena mtima sukulola, nenani poitanitsa pomwe kuti aifewetse, adzachita. Kubweza mbale yophikidwa kale kumangokuchedwetsani, ndipo anzanu adzamaliza inu musanayambe. Musadabwenso kuti msuzi ndi wochepa. Sausiya pansi pa mbale kuti muzimiza, amaupaka pa pasitayo kuti chingwe chilichonse chinyamule wake.

Wopita koyamba ndimamulangiza kuti asiye spaghetti, atenge pasita yaifupi monga penne kapena rigatoni, imene foloko imangobaya. Penne all'arrabbiata ndi ya tomato, adyo ndi tsabola wowawa, ilibe nyama, ndipo pakamwa pa munthu wa kum'mawa imakhazikika bwino. Lasagne ndi yokhutitsa kuposa zonse, ndipo imadulidwa ndi foloko popanda nkhondo. Gnocchi ndi timibulu tofewa ta mbatata ya kachewere ndi ufa wa tirigu, tabwino kwa okalamba. Carbonara yeniyeni ya ku Roma ndi mazira, tchizi cha mkaka wa nkhosa chotchedwa pecorino, nyama ya patsaya la nkhumba ndi tsabola wakuda basi. Malo ambiri kunja kwa Italy amathiramo kirimu, ndipo ine ndimaona kuti imalemera msanga, pofika pakati pa mbale mwatopa nayo. Koma zimenezo ndi za lilime langa.

Mukalimba mtima n'kutenga spaghetti kapena tagliatelle, kachitidwe kake n'aka. Foloko kudzanja limene mumadyera. Kokerani zingwe zitatu kapena zinayi m'mphepete mwa mbale, imikani foloko mano ake atagunda mbale, ndipo izungulitseni ndi zala mpaka zingwezo zitakulungika. Cholakwika cha ambiri ndi kubaya pakati pa mulu, ndiye foloko imanyamula theka la mbale. Yambirani m'mbali, tengani zochepa. Kachingwe kakalendewera, kalumeni kapena kakokereni mkamwa mwakachetechete. Weita akakupatsani supuni yothandizira, igwiritseni ntchito ngati mukufuna, ngakhale ku Italy akuluakulu ambiri saigwira. Kansalu kaja kamene kali pa tebulo kayaleni pamiyendo, ndipo ngati mwavala malaya oyera ndi msuzi wa tomato, weramirani mbale. Tchizi chopala chimene amabweretsa ndi Parmigiano Reggiano kapena china chofanana nacho. Chenichenicho chimasungidwa miyezi yosachepera 12 chisanagulitsidwe, ndipo chili ndi mchere wake, choncho lawani musanathire mchere. Pa pasita ya nsomba kapena nkhanu sathirapo tchizi. Tomato sosi wa m'botolo musaitanitse n'komwe. Sadzakumanani, koma wophika adzamva kuwawa.

Pizza ilibe mwambo wovuta. Idyeni ndi manja. Ya ku Naples imakhala yopyapyala ndi yofewa pakati, yotukuka m'mbali, ndipo timadontho takuda ta m'mphepete si kupserera, ndi chizindikiro cha uvuni wa nkhuni wotentha kwambiri umene umaipsetsa m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Pindani kagawo pakati kuti zapamwamba zisagwe. Ngati mukufuna kuyesa wophika, itanitsani Margherita, ya tomato, tchizi cha mozzarella ndi basil, chifukwa ilibe pobisala. Nkhani imene imakambidwa ndi yakuti wophika wa ku Naples, Raffaele Esposito, anaipangira Mfumukazi Margherita mu 1889, mitundu yake itafanana ndi mbendera ya dziko lawo, yofiira, yoyera ndi yobiriwira. Luso la opanga pizza a mumzindawo linalembedwa ndi UNESCO mu 2017 pa mndandanda wa chikhalidwe choyenera kusungidwa, mndandanda womwe uja umene pali Gule Wamkulu wathu. Pizza imodzi kwa iwo ndi ya munthu mmodzi, koma kugawana palibe amene amaletsa.

Atate amene amati sanadye ngati sanaone nsima, afunsireni polenta. Ndi nsima ya kumpoto kwa Italy, ya ufa wa chimanga chachikasu, kungoti amathiramo mchere, nthawi zina batala ndi tchizi, ndipo imabwera yofewa kapena yodulidwa n'kuwotchedwa. Ndi nyama ya msuzi monga ossobuco, imene ndi mwendo wa ng'ombe yaing'ono wodulidwa ndi fupa lake la mafuta, munthu wamkulu amachoka atakhutira. Risotto ndi nkhani ina. Amene anakulira mpunga wa ku Chama, woyoyoka ndi wonunkhira, adzaona ngati wophika wachulutsa madzi. Mpunga wake ndi wa mtundu wina, Arborio kapena Carnaroli, ndipo amautakasa akuthira msuzi pang'onopang'ono mpaka utagwirana. Umatenga mphindi pafupifupi 20 kuchokera pamene mwaitanitsa, chifukwa wabwino sauphikiratu.

Mlamu wanga wina anandifunsa kuti Ataliyana anatidziwa bwanji mpaka kudzatiphikira. Si alendo a dzulo. Khoma la Kariba, limene linatha mu 1959, linamangidwa ndi kampani ya ku Italy ya Impresit. Paipi ya mafuta ya Tazama yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inayamba ntchito mu 1968, anaiyala ndi Ataliyana, ndipo fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inatsegulidwa ku Ndola mu 1973 boma likugwirizana ndi kampani ya ku Italy ya Agip. Ku Livingstone kunkalumikizidwa magalimoto a Fiat. Ngakhale kuno kwathu, a mishoni a Comboni, chipani chimene anayambitsa Mtaliyana Daniele Comboni, timawadziwa ku Chikowa. Munthu akakhalitsa kudziko la eni amayamba kufuna mphika wa kwawo.

Zakumwa ndiye zimatupitsa bilu mwakachetechete. Weita akafunsa za madzi, afuna kudziwa ngati mukufuna wamba kapena a mpweya. Nenani kuti wamba, a kuno, apo ayi mungalandire botolo lochokera ku Italy la mtengo wodabwitsa. Botolo la vinyo ndi mamililita 750, magalasi pafupifupi asanu, choncho ngati akumwa ndi awiri ndipo aliyense afuna galasi limodzi, gulani wa pagalasi. Chianti ndi wofiira wa ku Tuscany ndipo amayenda bwino ndi msuzi wa tomato. Prosecco ndi woyera wa thovu. Koma vinyo wa ku South Africa ndi amene amapezeka kwambiri kuno, ndipo salakwa. Mukagula botolo, weita adzathira pang'ono mu galasi la amene waitanitsa. Sakukufunsani ngati mwamukonda, akufuna mutsimikize kuti sanaonongeke. Nunkhizani, lawani, gwedezani mutu. Ndi pizza, Mosi wozizira ndi wokwana, Ataliyana nawo amamwera mowa pa pizza. Osamwa atenge juwisi, palibe amene amawerengera magalasi a mnzake.

Tsopano za kwa ine

Piyano nayo ndi ya Chitaliyana, mwina n'chifukwa chake imakhala bwino m'malo amenewa. Anaipanga ndi Bartolomeo Cristofori ku Florence cha m'ma 1700, akugwira ntchito ku banja la Medici. Ya masiku ano ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, ndipo mkati muli nsambo zoposa 200 zimene zimamenyedwa ndi tinyundo tokutidwa ndi ubweya. Ukakhudza pang'ono imanong'ona, ukamenya imabangula, ndipo luso lonse la woimba wa m'lesitilanti ndi kukhala pansi pa mawu a anthu. Choncho mukamva kuti akuimba motsitsa, si kuti ndi wamantha kapena sadziwa. Akumvera chipinda. Anthu akachepa amatsika, chipinda chikadzaza amakwera pang'ono, mbale zazikulu zikafika amasankha nyimbo zodekha, ndipo zosangalatsa amazisungira nthawi ya zotsekemera. Inu kambani nkhani zanu. Simuli pa konsati ndipo woimba sakhumudwa ndi kucheza. Chimene chimatipweteka ndi foni yolira mokweza, kapena munthu woonera mpira pa foni mawu ali pamwamba.

Ambiri timaimba mphindi 40 kapena 45, n'kupuma pang'ono. Nthawi yopumayo ndiyo yabwino kulankhula naye. Ali pakati pa nyimbo musamugwire paphewa kapena kumufunsa funso, chifukwa manja awiri akuchita ntchito ziwiri zosiyana, phazi lili pa pedulo, ndipo pakamwa sipangayankhe zanzeru. Adzangomwetulira n'kugwedeza mutu osamva chimene mwanena.

Kupempha nyimbo n'kololedwa, ndipo ife timakondwera nako, chifukwa kuimba usiku wonse osadziwa ngati alipo akumva kumatopetsa. Lembani dzina la nyimbo pa kapepala mupatse weita, kapena pitani nokha nyimbo ikatha munene kuti, "Akulu, mukapeza mpata mutiimbireko yakuti." Tchulani ziwiri, kuti ngati imodzi saidziwa agwire inayo. Musachite manyazi kupempha za kwathu. Woimba ambiri a m'Zambia tinakulira m'kwaya ndipo timaimba ndi khutu, ndiye nyimbo ya kutchalitchi, ya kalindula kapena ya pa wailesi timaipeza mukangoing'ung'udza mzere umodzi. Nyimbo ya Chinyanja yoimbidwa mofatsa pa piyano imatembenuza mitu ya chipinda chonse, ndipo maweita amayamba kuyenda mosiyana. Kungoti musayembekeze kuti ibwera nthawi yomweyo. Mwina pali ena anapempha kale, mwina woimba akudikira kuti tebulo ya pafupi imalize pemphero kapena nkhani yolemera. Ndipo mukaimbiridwa, musaimirire kuti mutsogolere nyimboyo ndi mawu, pokhapokha eni malo atakupemphani.

Ngati ndi tsiku lobadwa la wina, kapena mnyamata akufuna kutulutsa mphete, konzani ndi woimba ndi weita musanakhale pansi. Gwirizanani chizindikiro, monga pamene keke ikutuluka kukhitchini. Zongodzidzimutsa zimatha ndi keke kufika woimba ali kuchimbudzi.

Kusupa kulipo, koma kuli ndi kachitidwe kake. Si pa chinamwali kapena pa kitchen party pamene timavina ndi ndalama m'manja n'kukaiika pamphumi. Yang'anani ngati pali galasi kapena kambale pafupi ndi piyano, ikani ndalama yopinda mmenemo popempha nyimbo kapena potuluka. Ngati palibe, mpatseni m'manja nthawi yopuma, dzanja lina litagwira mkono monga mwa ulemu wathu. Kuchuluka kwake ndi mtima wanu, koma mtengo wa chakumwa chimodzi cha pa menyu ndi muyeso wabwino. Ena amakonda kumugulira mowa. Funsani kaye, chifukwa ambiri sitimwa tili pantchito ndipo ndalama ya basi yobwerera kunyumba imatithandiza kuposa botolo. Kuomba m'manja nyimbo ikatha n'kwabwino, pang'ono chabe, ngakhale muli nokha. Mukayamba inu ena amatsatira.

Galasi lanu, mbale kapena chikwama musaike pa piyano. Madzi akalowa mkati amatupitsa matabwa ndi ubweya wa tinyundo, ndipo amisiri okonza piyano m'dziko muno ndi owerengeka. Kale nyengo yathu imaivutitsa: kutentha kouma kwa October kenako chinyezi cha dzinja zimasuntha mawu ake, moti imafunika kuchunidwa kawirikawiri. Ana abwere nawo, ndimakonda kuwaona ataima chapatali maso ali pa zala, ndipo ena mwa amene ndikuwaphunzitsa lero anayamba choncho. Koma agwireni dzanja. Mwana wa zala za msuzi akafika pa makiyi, woimba sangamukalipire pamaso pa makolo, amangovutika mumtima. Mukapempha nthawi yopuma, ambiri amalola mwana kukhudza makiyi awiri atatu. Kujambula vidiyo pemphaninso, ndipo musayatse kuwala kwa foni kumaso kwake.

Malaiti akapita, mudzadziwa ngati piyano ndi yeniyeni. Ya nsambo imapitiriza mumdima jenereta isanalire, ya magetsi imafa pakati pa nyimbo. Malo ena amaika kiyibodi m'bokosi looneka ngati grand. Sindikunyoza, nanenso ndi kiyibodi imene inandilera, koma ngati mukulipira chifukwa cha piyano, funsani potuma foni paja.

Zotsekemera musazidumphe, ngakhale chimodzi cha anthu awiri. Tiramisu ndi mabisiketi oviikidwa mu khofi, tchizi chofewa cha mascarpone, mazira ndi koko pamwamba. Mazirawo kawirikawiri amakhala aawisi ndipo ena amathiramo kamowa, choncho amayi oyembekezera ndi osamwa afunse. Panna cotta ndi kirimu wogwirana, wozizira. Gelato ndi ayisikirimu wawo. Khofi amabwera pomalizira penipeni, ndipo mukangoti khofi mungalandire espresso, kakapu ka mamililita 25 kapena 30, kowawa ndi kamphamvu. Sanakubereni, ndi mmene kamakhalira. Thirani shuga, imwani kawiri katatu. Cappuccino kwa Ataliyana ndi wa m'mawa, koma ku Lusaka palibe amene adzakuimbeni mlandu mukamwa usiku. Amene khofi amawalanda tulo apemphe tiyi.

Bilu sibwera yokha. M'malo otere kuibweretsa musanapemphe kuli ngati kukuthamangitsani, ndiye mukhoza kukhala mpaka kutseka mukudikirana. Itanani weita munene kuti mwamaliza. Pansi pa menyu pamalembedwa timawu ting'onoting'ono tonena ngati mitengo ikuphatikiza msonkho wa VAT, umene m'Zambia ndi 16 peresenti, ndi service charge, ndalama ya okutumikirani, ya 10 peresenti. Werengani timawuto musanaitanitse chakudya. Ngati sanaphatikize, chakudya cha K1,000 chimafika cha m'ma K1,260, ndipo kusiyana kumeneko n'kumene kumaumitsa anthu pakamwa. Yang'anani bilu mzere ndi mzere, si umphawi, maweita nawo ndi anthu ndipo usiku wa Loweruka matebulo amasokonezeka. Service charge ikakhalapo simukakamizidwa kuwonjezera, koma amene wakutumikirani bwino mpatseni kanthu m'manja mwake. Funsaniretu ngati amalandira khadi kapena ndalama ya pafoni ya Airtel kapena MTN, ndipo sungani ndalama ina m'thumba chifukwa netiweki imadziwa kuthawa nthawi yolipira.

Za amene alipire, mwambo wathu ndi womveka: woitana ndiye mwini bilu. Ngati mwaitana apongozi kapena akuluakulu, nyamukani ngati mukupita kukasamba m'manja, mukalipire ku kauntala, kuti pepala lisafike pa tebulo n'kuyamba kukanirana. Ngati ndinu oitanidwa, musasankhe chodula kuposa chimene mwini wasankha. Mufunseni kuti, "Inu mutenga chiyani?" ndipo muyendere pamenepo. Anzanu okhaokha gwirizanani musanalowe ngati aliyense alipira chake, ndipo muuze weita poyamba kuti alembe mabilu osiyana. Wobwera ndi galimoto amene wamwa vinyo asiye makiyi, aitane takisi. Konzani za takisiyo chakudya chisanathe, osati mutaima panja 22:00 itadutsa.

Chotsala pemphani akuikireni m'kabokosi, munalipira. Pizza ya dzulo musaiike mu microwave, imasanduka yotafuna mosatha. Ikani pa felempani youma pa moto wochepa, wa mbaula ukhoza, vindikirani mphindi zitatu kapena zinayi kuti pansi paume ndipo tchizi chisungunuke. Pasita ithireni masupuni awiri a madzi, muitenthetse mu poto mukutakasa. Risotto ndi zakudya za nsomba zidyeni konko, makamaka ngati m'mawa mwake mukukwera basi ya ku Chipata, chifukwa sizipirira maola a pamsewu ndi kutentha kwa pa Luangwa.